Galu wa dzina lonong'ona

Lole ya boma imanyamula bedi, matebulo, mbaula, ngakhale mtondo ndi munsi womwe, koma galu sinyamula. Ndinazidziwa zimenezi chaka choyamba titafika ku Chitipa, bambo a kunyumba atawatumiza kukagwira ukalaliki ku ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko. Tinkakhala m'nyumba za boma, mzere umodzi ndi apolisi ndi a kasitomu, anthu ochokera mbali zonse za dziko. Pamzere umenewo kusamuka kunali ngati chimfine, lero chagwira uyu, mawa uyo. Transifa ikabwera, katundu m'lole, ana pamwamba pa matiresi, fumbi koboo kulowera ku Karonga. Fumbilo likatsika, pakhonde pamatsala galu ali chilili, kapena mphaka akuzungulira nyumba yotseka.

Ine pa zinthu ngati zimenezo mtima wanga ndi wofooka. Munthu ndikhoza kumukalipira mpaka kuiwala chimene anadzera, koma chiweto chanjala chikangondiyang'ana, ukali wonse umatha. Ndinayamba ndi mphaka mmodzi amene anaswera m'bafa la nyumba yosiyidwa. Kenaka kagalu ka mphere, kenaka agalu awiri a mayi wina wa kasitomu. Posakhalitsa anthu akamasamuka sankavutikanso n'kupempha. Ankangomangirira chingwe pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu, iwo n'kukwera lole.

Bambo a kunyumba anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, woopa boma kuposa mphenzi. Akaweruka n'kupeza mlendo watsopano pamtengo paja, ankaima, chipewa m'manja.

"Mayi, kuno tinabwerera ntchito, sitinabwere kudzatsegula khola."

"Chaona mnzako chapita, bambo, mawa chili pa iwe. Ifenso lole idzatipeza."

"Ife tilibe galu."

"Ndiye chifukwa chake ndikusunga a eni."

Ankangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba. Koma sanathamangitsepo chiweto ngakhale chimodzi, ndipo mafupa a ndiwo zawo ankawasiya ali ndi nyama yambiri modabwitsa.

Lamulo langa linali limodzi: mlendo ndi mame. Chiweto chikafika ndinkachizula nkhupakupa ndi zala, kuchisambitsa ndi sopo wochapira, kuchidyetsa phala la gaga losakaniza ndi mitu ya usipa mpaka nthiti zitabisika. Zikatero ndinkachifunira pakhomo. Alimi a ku Kaseye ankabwera pa njinga kudzatenga amphaka oti akalimbane ndi makoswe m'nkhokwe. Agalu ambiri ankapita kumapiri kukathamangitsa apusi m'minda. Munthu akabwera kudzapempha galu, ine sindinkayang'ana munthuyo, ndinkayang'ana galuyo. Akabisa mchira n'kubwerera m'mbuyo, ndinkati, "Pepani, ameneyu alipo kale anamutenga." Ena ankachoka akung'ung'udza kuti mayi wa ku Dedza uyu amakwatitsa agalu ngati ana ake.

Amene ankandipezera makomo abwino anali mnzanga wina wa ku Misuku, mayi wamtali, wamkulu kwa ine, amene ankatsika ndi nthochi kudzagulitsa pamsika wa pa boma. Akafika pakhomo ankayamba ndi moni wa kwawo, "Mwaghona!" kenaka n'kulowa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chitumbuka. Ndiye anandipatsa dzina loti anyina ntcheŵe, kutanthauza mayi wa agalu. Dzinalo linafalikira mpaka kuchipatala. Poyamba linkandikwiyitsa, kenaka ndinayamba kuyankha.

Galu amene ndikufuna kunena anabwera miyezi ija dziko linali litayamba kugwedezeka, boma litalengeza kuti kukhala referendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi matipate. Anali wa wapolisi wina wa kunyumba yakumapeto kwa mzere wathu, munthu wanthabwala, woseka ndi aliyense. Transifa yake inabwera mwadzidzidzi, yomutaya kutali kuchigwa cha kumwera, ndipo anthu ankanong'onezana kuti pakamwa ndi pamene pamupweteka. Mkazi wake ndiye anabwera ndi galuyo, lole ikulira kale. Anali wamphongo, wofiirira, wa chifuwa choyera, khutu limodzi loimirira, lina logwa.

"Mutisungireko, amayi," anatero, maso ali ofiira.

"Dzina lake ndani?"

Anatembenuka kuyang'ana dalaivala wa lole, amene anali ataima pafupi akusuta fodya. Kenaka anati, "Alibe dzina." Ndipo anathamanga kukakwera.

Galu wosamva ngati ameneyo ndinali ndisanamuonepo. Ndinayesa "bwera kuno", iye osatembenuka. Mnzanga wa nthochi anayesa "zanga kuno". Mkulu wina wa kasitomu amene anakhalitsa kumalire anayesa "njoo". Wina anayesa Chingerezi, wina likhweru. Kunena zoona, galu ameneyo anaitanidwa m'zinenero zambiri kuposa zimene zili m'buku la nyimbo, koma ankangotiyang'ana ngati tikulankhula ndi mtengo uli kumbuyo kwake. Sanali wogontha, chifukwa lole ikangolira kumsewu, khutu loimirira lija linkagwedezeka. M'mawa uliwonse ankapita kukagona pansi pa bulugamu wa pamphambano, moyang'anana ndi maofesi, pamene lole ija inakhotera. Masana ankabwerera kudzadya, koma ankadikira kuti ndichokepo kaye. Zinkandipweteka mtima, ndipo zinkandikwiyitsanso. Ine wophika phala, iye n'kumandiona ngati mphepo!

Tsiku lina masana tinakhala pakhonde ndi mnzanga uja, tikusenda nthochi zaziwisi. Galuyo anali atagona poteropo, atatifulatira monga mwa masiku onse. Ine ndinali kudandaula za sopo ndi shuga zimene zinkasowa m'magolosale, za chilala chimene chinali chitangotha, za msewu wa ku Karonga umene unkathyola misana ya anthu. Mnzangayo anayang'ana uku ndi uku, n'kuweramira kukhutu kwanga.

"Kudandaula yayi, mama," ananong'ona. "Zisintha."

Galu uja anadzuka ngati wapsa ndi khala. Anabwera chothamanga, mchira ukugwedeza thupi lonse, n'kuika mutu wake pamiyendo ya mayiyo, akulira timawu tating'ono ngati kamwana. Mpeni unandigwa m'manja.

"Mwamuchita chiyani?"

"Ine? Palije!"

Tinayang'anana. Ndinadzuka, n'kupita kuseri kwa khitchini, n'kunong'ona liwu lomwelo. Ndisanatseke n'komwe pakamwa, galu anali pamapazi panga, akundinyambita zala. Tinaseka mpaka misozi, mayi wamkulu uja akugubuduka pamphasa, makoko a nthochi ali mbwee. Kenaka kuseka kunatha kokha, aliyense n'kuyang'ana kumpanda wa aneba.

Kwathu ku Dedza galu sapatsidwa dzina pachabe. Chimene munthu walephera kuuza mnzake pamaso, amachipereka kwa galu. Mayi amene watopa ndi miseche ya apongozi amatcha galu wake Mukatopa, wina Nenani, wina Ndakuonani, ndipo madzulo aliwonse amaima pabwalo n'kufuula dzinalo mudzi wonse ukumva. Ukamufunsa amati, "Ine ndikuitana galu wanga." Wapolisi uja anachita zomwezo, koma apongozi ake anali boma. Liwu limenelo nthawi imeneyo linali ndi mano. M'mizinda ikuluikulu ena anali atayamba kulifuula m'misewu, koma munthu wolandira malipiro a boma, wogona m'nyumba ya boma, akamveka nalo, m'mawa mwake ankatha kudzuka alibe ntchito. Choncho munthuyo analera galu wake monong'ona, kuyambira ali kamwana.

Bambo a kunyumba ataweruka anadabwa kuona galu akunditsatira mpaka kumpopi.

"Mwamudyetsa chiyani?"

Ndinawakokera m'chipinda n'kuwauza. Nkhope yawo inachita kuyera ngati apaka phulusa.

"Mayi, ndikupemphani. Liwu limenelo lisamveke pakhomo pano. Ana ali pasukulu. Ntchito ikatha tidzalowera kuti?"

Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse, chifukwa sankanama. Kuyambira pamenepo ndinkamuitana monong'ona, monga ankachitira mbuye wake. Aneba ankadabwa kundiona ndikugwedeza milomo ndekha pakhonde, galu n'kutulukira kuchokera kuseri. Mayi wina anafika pofunsa ngati ndili ndi mankhwala a agalu.

Ndinamukonda galu ameneyo, ndinene mosabisa. Ndinasunga ambiri, ena okongola kuposa iye, koma uyu tinali ndi chinsinsi chathu. Ndikamachapa ankagona pafupi ndi beseni. Tiana ta amphaka timene ndinkalera m'dengu kukhitchini tinkakwera pamsana pake, iye n'kumangousa moyo ngati malume otopa. Alimi akabwera kudzamupempha ndinkati sanachire bwinobwino, pamene anali wonenepa, ubweya ukuwala. Mnzanga wa nthochi ankandiseka. "Anyina ntcheŵe, mame agha ghakukamuka yayi?" Chinthu chimodzi chokha sanasiye: m'mawa uliwonse ankapitabe kukagona pansi pa bulugamu uja.

Kenaka kunabuka chiwewe. Galu wina analuma anthu chakumalire, ndipo galimoto ya chimkuzamawu inazungulira boma lonse kulengeza kuti agalu onse abayidwe katemera ndi kumangidwa, ndipo wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Anga onse ndinakawabayitsa, n'kuwamanga ndi zingwe za khonje. Enawo anavomera. Uyu anatafuna chingwe choyamba. Ndinagula china chokhuthala, n'kupita kumsika mtima uli m'malo.

Tikubwerera ndi mnzanga uja, madengu pamutu, tinaona anthu ataunjikana m'makonde a maofesi, onse akuyang'ana kumodzi. Ndinatsatira maso awo. Pansi pa bulugamu panali galu wanga, kachidutswa ka chingwe kakulendewera m'khosi. Chapatali pang'ono, bambo wa ku ofesi ya ziweto, atavala kaki, ankayenda pang'onopang'ono, mfuti ili m'manja. Galu wina aliyense akanathawa. Koma uyu analeredwa ndi munthu wa yunifolomu, ndiye ataona kaki anadzuka n'kuyamba kugwedeza mchira.

Ndinali kutali, kutsidya kwa bwalo la mpira. Chinthu choyamba chimene ndinachita n'chopusa: ndinanong'ona. Kenaka ndinakuwa kuti, "Musawombere! Ngwanga!" Koma mphepo ya ku Chitipa imene imakulanda chitenje ili ndi ulemu ndi ndani? Ndiponso bamboyo anali atamva kukuwa kotero sabata yonse. Anagwada bondo limodzi n'kukweza mfuti. Pakhonde la ofesi ndinaona malaya oyera a bambo a kunyumba, ataima pafupi ndi bwana wawo.

Ndinawaona, sindinganame kuti sindinawaone. Ndinakumbukira lonjezo langa, ndi ana, ndi nyumba. Ndinaponya dengu pansi, tomato n'kumwazika, ndipo ndinatsegula pakamwa ndi mawu onse amene ndinkakalipira nawo anthu pampopi.

"Zisinthaaa!"

Galu anatembenuka ngati wakokedwa ndi chingwe. Moyo wake wonse anali asanamvepo dzina lake likufuulidwa. Anadutsa bwalo lonse makutu ali pambuyo, n'kudzandigunda pachifuwa mpaka ndinakhala pansi pa tomato wanga yemwe. Ndinamukumbatira m'khosi.

Nditadzutsa mutu, boma lonse linali zii. Ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa pamphambano anali ataima, manja ali m'malere. Mkulu wina wa apolisi, munthu wa kuchigawo chapakati, wonenepa, woyenda mosafulumira, anatsika pakhonde n'kubwera kumene ndinali. Kumbuyo kwake kunali wapolisi wamng'ono pa udindo, mbadwa ya komweko, ndi bambo wa mfuti uja.

"Mayi, mwati chiyani?"

"Ndimaitana galu, bwana."

"Ndamva kuti mumaitana galu. Ndikufunsa kuti mwati chiyani."

Ndinangokumbatira galu wanga zolimba. Apo ndi pamene mnzanga wa nthochi anatula dengu lake mosapupuluma, n'kugwada mwaulemu wonse, n'kuwomba m'manja.

"Monire bwana. Pepani chomene. Aŵa mama lilime lawo ndi la ku Dedza, akuphonya katchulidwe. Dzina la ntcheŵe iyi ni Sisinda. Ni chiyowoyero, chinenero cha kwithu ku Misuku. Ndiko kuti khutu lakugwa. Onani mwekha, bwana, khutu ili."

Anagwira khutu logwa lija n'kulitukula kuti bwanayo alione bwino. Mkuluyo anayang'ana khutu, anayang'ana ine, kenaka anatembenukira kwa wapolisi wake.

"Iwe ndi wa konkuno. N'zoona zimenezi?"

Wapolisiyo anaima njo, maso kutsogolo. "Eya bwana. Ndi mmene timanenera."

"Ngakhale kwathu timatero, bwana," anawonjezera wa mfuti uja, ngakhale kuti palibe anamufunsa, ndipo kwawo kunali mbali ina, kwa chinenero china.

Liwu loti sisinda kulibe m'chinenero chilichonse cha ku Chitipa. Ndinafunsa pambuyo pake. Koma m'boma limene ukawoloka mtsinje umapeza chinenero china, mlendo angatsutse bwanji? Mkuluyo anatiyang'ana nthawi yaitali. Mpaka lero sindidziwa ngati anakhulupirira kapena anangotopa.

"Zinenero za kuno!" anatero, akupukusa mutu. "Mangani galu wanu, mayi. Ndi tcheni."

Bambo a kunyumba anabwera masana, koma chakudya sanachikhudze. Anakhala pampando manja ali pamaondo.

"Bwana wanga sananene kanthu," anatero. "Anangondiyang'ana. Ndikanakonda akanalankhula."

"Ndiye ndikanatani, bambo? Ndikanamusiya afe ndikuona?"

"Sindikunena zimenezo. Ndikunena kuti mawa adzadulanso chingwe, inu mudzakuwanso, ndipo amayi a nthochi sadzakhalapo. Galuyu achoke."

Ndinalusa. Ndinawauza kuti ndi amantha, kuti boma likawauza kuti asapume adzafunsa kuti mpaka liti. Iwo ankangoyang'ana pansi. Ukali utaphwa ndinapita kukakhala kuseri kwa nyumba, galu mutu uli pamwendo panga, ndipo ndinalira. Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndiponso lamulo lija linali langa lomwe, palibe anandipangira.

Mnzanga uja ndiye anati amutenga yekha. Apusi anali atamutopetsa m'munda wa chimanga, kumunsi kwa khofi wake. "Kwithu kumapiri, mama, mungachemerezga, mungafuule dzina lililonse. Chikulimva ni chifunga pera, chifunga chokha." Sindikanapeza khomo loposa limenelo, chifukwa galu anamusankha yekha tsiku lija la nthochi.

M'mawa wonyamuka, galu anali womangidwa pamtengo wa mapeyala, mnzangayo atapita kukafunsa za galimoto ya matola yokwera kumapiri. Ine ndinali m'khitchini, ndikumuikira gaga m'kathumba, maso osafuna kuyang'ana kunja. Bambo a kunyumba anatuluka ndi malaya awo ositidwa, ulendo wa kuntchito. M'malo molunjika kumsewu, anazungulira kuseri. Ndinasuzumira pazenera.

Tsono galu ameneyu ndi bambowo analibe ubwenzi. Miyezi yonseyo ankangolambalalana, ngati anthu ogwira ntchito m'maofesi osiyana. Anafika pamtengo paja, anayang'ana kumpanda wa aneba, n'kugwada bondo limodzi ngati akumanga nsapato, mutu wawo uli pafupi ndi khutu loimirira lija. Sindinamve kanthu. Ndinangoona mchira. Unayamba kumenya pansi, fumbi n'kudzuka, thupi lonse likugwedezeka, ndipo galu anawalumphira n'kuwanyambita kumaso, mapazi ake akudinda malaya oyera aja. Padziko lonse panali liwu limodzi lokha limene linkachititsa mchira umenewo zimenezo.

Anadzuka, anasasa fumbi pabondo, n'kundiona pazenera.

"Chingwechi chikumuthina," anatero. "Mumumasulireko pang'ono." Ndipo anapita kuntchito ndi mapazi a galu pachifuwa.

Ntchito yawo sinathe. Patangopita miyezi yochepa, liwu lija linali m'kamwa mwa aliyense, m'malole, pamsika, ngakhale mwa anthu amene kale ankalusa nalo. Mnzanga ankandiuza kuti masiku a kampeni galuyo anavutika, kuthamangira gulu lililonse lodutsa m'njira, mpaka anazindikira kuti ofuula ambiri sankaitana iye. Anakalambira ku Misuku komweko, pakati pa nthochi, apusi akumuopa mpaka mano atatha. Ine ndinapitiriza kulandira alendo anga pamtengo wa mapeyala mpaka lole yathu inatipeza, ndipo tsiku limenelo pakhonde sipanatsale chiweto.

Bambo a kunyumba anatisiya zaka zapitazo. Nthawi zonse ndikawaseka za m'mawa uja, ankakana kwamtuwagalu. "Ndinkamanga nsapato, mayi." Ndinkangowasiya, chifukwa ndinkawakonda, ndipo munthu wofatsa sumulanda kachinsinsi kake kamodzi. Koma nsapatozo ndinkazipolisha ndine. Zinali zopanda zingwe.